Magetsi a m'mlengalenga, kumene dzuwa limalowa ka 16 pa tsiku

Mu February caka ca 1985, akatswiri a dziko la Soviet Union amene anali kuyang'anira sitesheni ya m'mlengalenga yochedwa Salyut 7 anazindikira kuti sitesheniyo yaleka kuyankha. Anaitumizira mauthenga pa wailesi, koma kunali zii. Mwamwayi, panthawiyo munalibe munthu m'kati mwake.

Mu June caka comweco amuna awiri, a Vladimir Dzhanibekov ndi a Viktor Savinykh, anatumidwa ndi combo ca Soyuz T-13 kuti akaone cimene cinavuta. Anapeza sitesheniyo ili kutembenuzika yokha pang'onopang'ono, yopanda nyali yoyaka ngakhale imodzi. Atatsegula citseko analowa mu mdima ndi m'cisanu coopsa. Madzi a m'matanki anali ataundana. Amunawa anagwira nchito atavala zipewa za ubweya ndi zovala zocindikala, monga anthu amene ali panja m'nyengo yozizira ya kwao.

Gwero la vutolo linali laling'ono. Kacipangizo kamodzi koyang'anira mabatire kanawonongeka, ndipo mabatirewo analeka kulandira mphamvu yocokera ku mapanelo a sola. Moto utatha m'mabatire, zonse zinazima. Amuna awiriwa analumikiza nthambo ndi manja kucokera ku mapanelo kupita ku mabatire, natembenuza sitesheni yonse ndi mainjini a combo cao kuti iyang'ane ku dzuwa. Patapita masiku nyali zinayakanso, madzi anasungunuka, ndipo Salyut 7 inakhalanso malo okhalamo anthu.

Nkhaniyi ikuonetsa cimene magetsi ali kwa munthu wokhala kumwamba kuja. Pano pansi malaiti akapita timayatsa kandulo, tikoleza mbaula, umoyo nupitirira. Kumeneko magetsi ndiwo amagawa madzi kuti patuluke mpweya wa okosijeni wopuma. Ndiwo amayendetsa mafani, cifukwa kumalo kumene zinthu zilibe kulemera mpweya suyenda wokha, ndipo munthu wogona popanda fani angazingidwe ndi mpweya woipa umene iye mwini watulutsa. Magetsi ndiwo amasefa thukuta ndi mkodzo kuti zikhalenso madzi akumwa, amatenthetsa zipinda, amayendetsa wailesi, ndiponso amazunguza mawilo olemera amene amagwira sitesheni kuti isapendekeke.

Njira zimene akatswiri ayesa kapena kuganizira kucokera pamene sitesheni yoyamba, Salyut 1, inaponyedwa mu April 1971, ndi zowerengeka: kuwala kwa dzuwa, mabatire, makina ochedwa fuel cell, ndi mphamvu ya nyukiliya. Posankha pakati pa njirazi mafunso akulu ndi awiri. Loyamba ndi kulemera, cifukwa kilogramu iliyonse iyenera kukwezedwa ndi roketi pa mtengo wokwera. Laciwiri ndi kutalika kwa usiku kumalo kumene sitesheni ili.

Mapiko a International Space Station

Sitesheni yaikulu koposa zonse zimene zamangidwapo ndi International Space Station, imene ambiri amangoichula kuti ISS. Cigawo cake coyamba cinaponyedwa mu November 1998, ndipo kuyambira pa 2 November 2000 anthu akhala ali kukhalamo mosinthana. Imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera pansi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola.

Amene anaonapo cithunzi cake amakumbukira mapiko ake aatali. Mapiko akuluwo alipo 8. Phiko lililonse ndi lotalika mamita pafupifupi 35, m'lifupi mamita 12, ndipo lili ndi timaselo ta sola 32,800. Awiri oyamba anamangidwa mu December 2000, awiri otsiriza mu March 2009. Mtanda wacitsulo umene wanyamula mapikowa ndi wotalika ngati bwalo la mpira.

Kagwiridwe kake ka nchito sikasiyana ndi ka sola imene ambiri aika pa matenga a nyumba zao. Kuwala kukagunda kaselo ka silicon, magetsi amayamba kuyenda. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumwamba kulibe mitambo, fumbi kapena utsi, conco dzuwa limafika ndi mphamvu zake zonse, pafupifupi mawati 1,360 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Magetsi amacoka ku mapiko pa ma volt pafupifupi 160, ndipo amatsitsidwa kufika pa 124 asanalowe m'zipinda. Mbali ya dziko la Russia inamangidwa pa dongosolo lake la ma volt 28.

Bungwe la NASA limaika mphamvu ya mapiko 8 amenewa pakati pa makilowati 84 ndi 120. Kunena zoona, ndi mphamvu yocepa modabwitsa. Maketulo a magetsi 60 oyatsidwa nthawi imodzi angaimalize yonse. Makina a ku Kariba North Bank, madzi akakhala okwanira, angapange mamegawati 1,080, ndiko kuti kuwirikiza ka 9,000. Koma pa mphamvu yocepayo anthu asanu ndi awiri amapuma, amamwa, amaphika ndi kucita kafukufuku wa sayansi usana ndi usiku.

Vuto lenileni ndi usikuwo. ISS imazungulira dziko kamodzi pa mphindi pafupifupi 90, ndipo pa ulendo uliwonse imatha kukhala mphindi zofika 35 mu mthunzi wa dziko. Motero okhalamo amaona dzuwa likutuluka ndi kulowa ka 16 pa tsiku. Mapiko akakhala padzuwa ayenera kugwira nchito ziwiri: kudyetsa sitesheni, ndi kudzaza mabatire oti agwire pa mdima umene ukubwera. Magetsi oposa theka amapita ku mabatire. Ndico cifukwa mapikowo ndi aakulu kuposa mmene munthu angaganizire akaona magetsi amene sitesheni imadya.

Aliyense amene ali ndi sola kunyumba adziwa kuti cimene cimayamba kufa ndi batire, panelo ikali bwino. Batire la panyumba limadzazidwa ndi kutha kamodzi pa tsiku, ka 365 pa caka. La pa ISS limatero koposa ka 5,500 pa caka. Mabatire oyamba anali a mtundu wa nickel-hydrogen, osankhidwa cifukwa copirira nkhanza yotere. Pakati pa 2017 ndi 2021 mabatire 48 amenewo anacotsedwa, ndipo m'malo mwake munaikidwa 24 a lithium-ion, mtundu wofanana ndi wa m'mafoni koma aakulu ngati kafiriji. Anabwera ndi zombo zonyamula katundu za dziko la Japan, ndipo kuwasintha kunafuna kuti anthu atuluke panja pa sitesheni maulendo ambiri. Batire limodzi latsopano linalowa m'malo mwa awiri akale.

Mapiko ali ndi mavuto aonso. Ayenera kuyang'ana dzuwa nthawi zonse, conco pa mtanda uja pali mfundo ziwiri zikuluzikulu zimene zimazungulira kamodzi pa ulendo uliwonse, ngati mpendadzuwa wosapuma. Pa mtunda wa makilomita 400 pakali timpweya tocepa, ndipo timpweyato timakoka mapiko monga mphepo ikokera thanga la bwato, sitesheni nitsika pang'onopang'ono. Kuti ikwezedwenso pamafunika mafuta ocokera pansi. Pofuna kucepetsa kukokako, oyang'anira amapendeketsa mapiko camphepete sitesheni ikalowa mu mdima. Ndiponso timaselo timakalamba cifukwa ca ceza coopsa ca m'mlengalenga ndi kusinthasintha kwa kutentha ndi kuzizira.

Cifukwa ca kukalambako, pakati pa June 2021 ndi June 2023 anaonjezera mapiko 6 atsopano ochedwa iROSA. Awa amabwera atapindidwa ngati mphasa, ndipo akamasulidwa amadzitambasula okha popanda injini. Ndi aang'ono kuposa akale, koma lililonse limapereka makilowati oposa 20, cifukwa timaselo ta masiku ano timakolola kuwala kwambiri. Timaselo takale ta ISS timasandutsa magawo pafupifupi 14 pa 100 a kuwala kukhala magetsi, pamene ta masiku ano timafika pa magawo pafupifupi 30. Dziko la China, pomanga sitesheni yake ya Tiangong mu 2021 ndi 2022, linayambira pomwepo pa timaselo tamakono ta gallium arsenide toikidwa pa mapiko opindika.

Pamene phiko lakana

Mbiri ya masitesheni a m'mlengalenga, tikaiyang'anitsitsa, mbali yake yaikulu ndi mbiri ya anthu okonza magetsi. Skylab, sitesheni yoyamba ya dziko la America, inavulala pa tsiku lomwe inaponyedwa, pa 14 May 1973. Cishango cake cinang'ambika roketi ili kukwera, phiko limodzi la sola linathothoka, ndipo linzake linapanikizidwa ndi kacitsulo. Sitesheni inatsala ndi mapanelo a pa cigawo ca telesikopu okha, ndipo m'kati munatentha kupitirira madigiri 50. Pa 7 June a Pete Conrad ndi a Joseph Kerwin anatuluka panja ndi codulira zitsulo comangirira ku ndodo yaitali. Atadula kacitsuloko ndi kukoka ndi cingwe, phiko linatambasuka mwadzidzidzi mpaka kuwaponya onse awiri, napulumuka ndi zingwe zimene anadzimangirira.

Zimene zinacitika pa sitesheni ya Mir ya dziko la Russia pa 25 June 1997 zinali zoopsa koposa. Combo ca katundu ca Progress cinagunda cipinda cochedwa Spektr ndi kuciboola. Mpweya unayamba kutuluka. Kuti atseke citseko ca cipindaco, okhalamo anayenera kudula ndi kumasula nthambo zimene zinadutsa pakhomo, ndipo zina mwa nthambozo ndizo zinali kubweretsa magetsi kucokera ku mapiko atsopano a Spektr. Anapulumutsa mpweya, koma anataya pafupifupi theka la magetsi. Sitesheni inayamba kutembenuzika, mapiko otsala analeka kuona dzuwa, mabatire anatha. A Michael Foale, amene anali mlendo wocokera ku NASA, anayeza liwiro la kutembenuzikako mwa kuika cala cacikulu pa windo ndi kuwerenga mmene nyenyezi zinali kudutsira. Ndi ciwerengero cimeneco, mainjini a Soyuz anagwiritsidwa nchito kuimitsa sitesheni. Tsoka la magetsi a dzuwa lili pamenepa: pamafunika magetsi kuti uyang'ane dzuwa, ndipo pamafunika dzuwa kuti upeze magetsi.

ISS nayo inalawako. Ca kumapeto kwa October 2007 phiko lina linang'ambika pamene anali kulitambasula. Pa 3 November a Scott Parazynski, amene ndi dokotala wa anthu, ananyamulidwa pa nsonga ya mkono wautali wa makina kukalisoka ndi timawaya tisanu topangidwa m'sitesheni momwemo. Panelo ya sola ilibe switchi: dzuwa likaiwalira, ili ndi moto. Zida zao zinakulungidwa ndi tepi kuti magetsi asawagwire.

Pali nkhani ina imene anthu ambiri saiganizira. Magetsi onse amene agwiritsidwa nchito amasanduka kutentha, ndipo kumwamba kulibe mphepo kapena mtsinje woti utenge kutenthako. Sitesheni ili ngati tiyi wa mu fulasiki. Pa ISS madzi amayenda m'mapaipi a m'zipinda kusonkhanitsa kutentha, naupereka ku amoniya amene amayenda m'mapaipi a panja kupita ku mapanelo oyera ochedwa ma radiator. Pamene pampu imodzi ya amoniya inafa mu July 2010, oyang'anira anazimitsa makina ambiri, ngakhale kuti magetsi analipo okwanira, kufikira pampuyo itasinthidwa mu August. Conco amene afuna kuonjezera magetsi ayeneranso kuonjezera ma radiator, ndipo zonsezo ndi makilogramu.

Njira zimene zinatsala m'mbuyo

Makina a fuel cell amaphatikiza haidrojeni ndi okosijeni, natulutsa magetsi ndi madzi abwino akumwa. Anayamba kuuluka ndi anthu pa Gemini 5 mu 1965, anapita ku mwezi ndi zombo za Apollo, ndipo Space Shuttle iliyonse inali nao atatu. Pa ulendo wa sabata imodzi kapena ziwiri ndi abwino kwambiri, safuna dzuwa ndipo sakokedwa ndi mpweya. Koma amadya. Matanki akauma, magetsi atha, monga anaonera a pa Apollo 13 mu April 1970 thanki lao la okosijeni litaphulika. Sitesheni yokhala zaka 25 ikanafuna mzere wosatha wa maroketi obweretsa mpweya. Kuyambira mu 2007 Space Shuttle yomwe inayamba kubwereka magetsi kwa ISS ikafika, kuti matanki ake akhalitse masiku ena.

M'zaka za m'ma 1980, pamene America inali kukonza mapulani a sitesheni imene inaipatsa dzina lakuti Freedom, akatswiri anaganizanso za magalasi aakulu osonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi kuti atenthetse mpweya wozunguza injini. Kutentha kwina kukanasungidwa m'mcere wosungunuka kuti injini isaime pa mdima. Ganizoli linali lanzeru, koma linafa pamodzi ndi mapulani ena ambiri pamene ndalama zinacepetsedwa, ndipo silinayesedwepo pa sitesheni iliyonse.

Nanga nyukiliya?

Mphamvu ya nyukiliya imabwera m'njira ziwiri, ndipo nkofunika kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi kabokosi kokhala ndi plutonium-238, citsulo cimene cimadzitenthera cokha kwa zaka makumi ambiri, kutenthako nikusandutsidwa magetsi popanda cinthu cozungulira. Zombo ziwiri za Voyager, zimene zinanyamuka mu 1977, zinapatsidwa mabokosi otere, ndipo oyenda pa mwezi a Apollo anasiyako ena oyendetsa zida zoyezera. Koma mphamvu yake ndi yaing'ono. Limene linaikidwa pa motoka ya Curiosity yopita ku Mars linayamba ndi mawati pafupifupi 110, ofanana ndi babu limodzi lakale. Kuti sitesheni ngati ISS iyende pangafunike mabokosi pafupifupi 900, ndipo plutonium-238 ndi yosowa ndi yodula kwambiri.

Njira yaciwiri ndi ng'anjo yeniyeni ya nyukiliya, imene imaswa uranium monga zicitikira m'malo opangira magetsi pansi pano. Iyi ingapereke mphamvu yoculuka kucokera m'cinthu cacing'ono, usana ndi usiku, kwa zaka. America inaponya imodzi, SNAP-10A, mu April 1965, ndipo inagwira nchito masiku 43. Soviet Union inaponya zoposa 30 pa masetilaiti ozonda zombo za pa nyanja. Palibe ngakhale imodzi imene inaikidwa pa sitesheni yokhalamo anthu.

Zifukwa zake ndi zomveka. Ng'anjo imatulutsa ceza cakupha, conco pafunika cishango colemera kapena mtanda wautali woiika kutali ndi anthu, ndipo combo ciliconse cobwera ciyenera kuyenda mosamala kuti cisalowe m'cezaco. Ndiponso ciliconse cozungulira pafupi ndi dziko, tsiku lina cimagwa. Pa 24 January 1978 setilaiti ya Kosmos 954, imene inali ndi ng'anjo, inasweka pamwamba pa kumpoto kwa Canada ndi kumwaza zidutswa zoopsa pa dera lalikulu. Nchito yozitola inatenga miyezi, ndipo Soviet Union inalipira madola a ku Canada 3 miliyoni. ISS yomwe, malinga ndi mapulani a NASA, idzagwetsedwera m'nyanja nchito yake ikatha ca m'ma 2030. Kugwetsa mapiko a sola m'nyanja ndi nkhani ina, kugwetsa ng'anjo ndi inanso. M'kuona kwathu, pa sitesheni yozungulira pafupi ndi dziko mkangano unatha kale: pamene usiku uli wa mphindi 35, palibe cifukwa conyamulira ngozi yotere.

Koma masamu amasintha munthu akapita patali. Pa mwezi, m'madera ambiri, usiku umodzi umatenga masiku pafupifupi 14 a pano pansi. Ndiko kuti mdima wotalika pafupifupi ka 600 kuposa wa pa ISS, ndipo mabatire oti asunge anthu amoyo nthawi yonseyo angalemere kuposa nyumba imene ayenera kuidyetsa. Ku Mars dzuwa limafika ndi mphamvu yosakwana theka la imene timalandira, ndipo mphepo ya fumbi imatha kuphimba thambo kwa masabata ambiri. Fumbi lotere ndilo linapha motoka ya Opportunity, imene inali kudalira sola, mu 2018.

Ena ali kuyang'ana ku mapiri a kum'mwera kwenikweni kwa mwezi, kumene nsonga zina zimaona dzuwa nthawi yaitali pa caka, ndipo mapanelo oimikidwa pa milongoti yaitali angakolole kuwala kobwera cam'mbali. Ena ali kukonza fuel cell yobwezera, imene masana imagawa madzi ndi magetsi a sola, usiku niphatikizanso mpweyawo kuti ipange magetsi, madzi omwewo nazungulira. Koma maboma akulu abwereranso ku ng'anjo. Mu March 2018 NASA ndi unduna wa za mphamvu wa America anayesa kang'anjo kochedwa KRUSTY ku Nevada, ndipo kanayenda maola 28 pa mayeso ake akulu. Mu March 2024 a Yuri Borisov, amene panthawiyo anali mkulu wa bungwe la Roscosmos, ananena kuti Russia ndi China ali kuganizira zoika ng'anjo pa mwezi pakati pa 2033 ndi 2035. Mu August 2025 a Sean Duffy, amene anali kugwirizira udindo wa mkulu wa NASA, analamula kuti pakonzedwe ng'anjo ya makilowati 100 yoti ikhale yokonzeka kupita ku mwezi pofika 2030.

Zaka zimene zimalengezedwa pa nkhani za m'mlengalenga kawirikawiri zimasuntha, ndipo izinso zingasunthe. Cimene cili cosiyana ndi nthawi ya Kosmos 954 ndi malo. Ng'anjo ya pa mwezi inganyamuke pano isanayatsidwe, pamene uranium wake sanayambe kutulutsa ceza coopsa, ndipo ikafika ingaikidwe patali ndi nyumba za anthu kapena kukwiriridwa m'dothi la komweko, dothilo nilikhala cishango cosafuna roketi. Magetsi angafike ku nyumba pa nthambo yoyalidwa pansi. Makilowati 100 amene a Duffy anachula ndi ofanana ndi amene mapiko 8 a ISS amapereka, koma angabwere popanda phiko ngakhale limodzi, ndipo sangaleke dzuwa likalowa kwa masabata awiri.